Za Chimwemwe Chimene Chimera Pakati pa Masautso

Mau olankhulidwa kwa Akhristu ndi akatekisiti pa tsiku la jubile ya mishoni yathu

 Ife amene taimirira pamaso panu sindife anthu a maphunziro akuya ai. Tidaphunzira pa sukulu ya mishoni, titakhala pansi ndi sileti pa maondo, ndipo ntchito yathu kufikira lero ndiyo kuphunzitsa ana a m'mudzi kuwerenga ndi kulemba, ndi kuwafunsa katekisimu Loweruka madzulo. Koma popeza akulu a mpingo atituma kuti tinene mau pa tsiku lalikulu lino, sitidathe kukana, pakuti mwana wotumidwa ndi akulu sawiringula.

Lero ng'oma zalira chiyambire m'mamawa, amayi avala nsalu zatsopano, ndipo utsi wa nyama wakwera kuseri kwa tchalitchi. Zonsezi nzoyenera ndithu. Koma pamene tidali kuphunzitsa ana nyimbo za tsiku lino, mtsikana wina wa m'kalasi mwathu adangokhala duu osayimba, ndipo titamfunsa chifukwa chake, adati: "Aphunzitsi, ife tikondwerera chiyani? Kwathu ufa udatha, ndipo atate adapita ku Johannesburg, chaka chino nchachitatu osabwera." Tsiku lija tidasowa chomyankha. Funsolo layenda nafe masabata onsewa, ndipo lero tifuna kuliyankha pamaso panu, pakuti tidziwa kuti alipo ambiri pano amene avala zokongola, koma m'mtima ali ndi funso lomwelo.

Yankho lathu ndi ili: chimwemwe cha Mkhristu sichilindira kuti masautso ayambe atha. Chimera pakati pa masautso pomwepo, pamene munthu awasenza pamodzi ndi Ambuye Yezu, ndi pamodzi ndi abale ake a mumpingo. Mau amenewa sitidawapeke ai; tidawaona m'mbiri ya mishoni ino, ndiponso m'nyumba mwathu momwe.

Tiyambe ndi chinthu chimene muchidziwa nonse. Kuno ku mapiri a Dedza tili ndi mitengo ya mapichesi pa makomo ambiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene nkhungu iphimba mapiri ndipo ana afika ku sukulu manja atauma ndi chisanu, mtengo umenewu uyoyola masamba ake, nukhala ngati nkhuni. Mlendo wochokera kunyanja akauona ayesa kuti wafa. Koma ife eni dziko tidziwa kuti sudafe. Pakuti chisanu chikayamba kuchepa, mvula isanagwe ndi dontho lomwe, pansi pakali fumbi lokhalokha, mtengo uja uphuka maluwa nthambi zonse. Ndipo alimi adziwa kuti ukaubzala kuchigwa kotentha, kumene kulibe chisanu, subala bwino, chifukwa kuzizira kuja ndiko kumene kuukonzera maluwa. Sungani fanizo limeneli m'mtima pamene tikumbutsana za makolo athu m'chikhulupiriro.

M'chaka cha 1889 ansembe a chipani cha White Fathers, chimene adachiyambitsa Kardinala Lavigerie, adafika kwa Mfumu Mponda, pafupi ndi pamene mtsinje wa Shire utuluka m'nyanja. Adakhala kumeneko chaka chimodzi ndi theka. Adasonkhanitsa ana kuti awaphunzitse, napatsa odwala mankhwala, nadwala malungo iwo eni, ndipo nkhondo ndi malonda a akapolo zidali kuchitika pakhomo pao penipeni. M'chaka cha 1891 adanyamula katundu wao, nalowera kumpoto, ku dziko la Amambwe, osasiya mpingo m'mbuyo mwao. Poyang'ana ndi maso a anthu, ntchito ija idalephera. Koma anzao adabweranso, ndipo m'chaka cha 1902 adamanga ku Mua, patsinde pa mapiri ano, ndi m'chaka cha 1908 ku Mtakataka.

Tsono imvani chiyambi cha malo ano. Kutentha kwa kuchigwa ndi malungo zidafooketsa ansembe aja, kotero kuti adafunafuna malo ozizira pamwamba pa mapiri, kumene odwala akapumeko ndi kupezanso mphamvu. Malowo ndi ano a Bembeke, amene adakhala mishoni m'chaka cha 1910. Ndipo Ambuye Mathurin Guillemé, amene adakhala Episkopi m'chaka cha 1911, adasankha kukhala pompano. Taonani tsono, abale: nyumba imene tikondwereramo lero idayamba chifukwa cha matenda. Munthu wodwala adakwera phiri kudzafuna mphepo yozizira, nadza ndi Uthenga Wabwino kwa agogo athu.

Mishoni ikali yanthete, idabuka nkhondo yaikulu ya 1914. Amuna ambiri a m'midzi adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ntchito ija ya mtengatenga, ndipo ochuluka adatsalira m'njira ndi njala ndi matenda. Ansembe adachepa, pakuti ena adaitanidwa kunkhondo komweko. Nkhondo itangotha m'chaka cha 1918, kudadza chimfine choopsa chimene chidasesa anthu m'maiko onse, ndi kuno komwe. Nanga masiku amenewo ndani adasunga mapemphero m'midzi yakutali, kumene wansembe adali kufika mwa kamodzikamodzi? Ndi aphunzitsi a m'midzi, akatekisiti oyamba aja, amene maina ao ambiri sadalembedwe pa mwala uliwonse. Iwo ndiwo adaliza belu, nabatiza ofuna kufa, naphunzitsa ana kuchita chizindikiro cha Mtanda.

Chisanu chija chitapita, maluwa adaoneka. M'chaka cha 1927 adatsegula ku Mua malo osamalira odwala khate. Masiku amenewo mankhwala ochiza khate amene tili nao lero kudalibe, ndipo wakhate adali munthu wotayika, wokhala kunja kwa mudzi, amene ngakhale maliro ake sadali kuikidwa monga a anthu ena. Koma mpingo udamtsuka zilonda, numtcha mbale. M'chaka cha 1929 Ambuye Guillemé adayambitsa chipani cha Masisiteri achikuda, chotchedwa ndi dzina la Thérèse Woyera wa ku Lisieux, namwali amene adamwalira ndi chifuwa chachikulu m'chaka cha 1897, ali ndi zaka 24 zokha, ndipo adaphunzitsa kuti munthu angathe kupereka kwa Mulungu ngakhale tizowawa tating'ono ta tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 1937 mwana wa dera la Mua, Cornelius Chitsulo, adadzozedwa unsembe, woyamba mwa ana a dziko lino. Ndipo m'chaka cha 1957 adakhala Episkopi, woyambanso mwa Amalawi, naweta nkhosa za ku Dedza kufikira imfa yake m'chaka cha 1984. Werengani, inu ana a sukulu: kuchokera 1889 kufika 1937 ndi zaka 48. Ansembe amene adachoka kwa Mponda manja ali zi sadadziwe kuti tsiku lotere lidzafika. Koma likadafika bwanji pakadapanda iwo?

Mwina wina anena kuti izi nzakale, ndipo mbiri ikoma kuimva pamene zowawa zake zidagwera ena. Nchifukwa chake tinena tsopano zimene tidaziona ndi maso athu.

Tidali anyamata pamene nkhondo ya ku Mozambique idakula, ndipo kuyambira chaka cha 1986 anthu adayamba kuoloka malire mwaunyinji. Inu mudziwa kuti pakati pa Dedza ndi Ntcheu malirewo atsata msewu waukulu. Munthu angodumpha msewu, ndipo ali m'dziko lina. Adafika anthu a ku Angonia, olankhula chinenero chathu chomwechi, ena a iwo abale athu enieni, atasenza mphasa ndi miphika, ana kumsana. M'dziko lonse othawa nkhondo adapitirira miliyoni imodzi. Nkhuni zidatha m'mapiri, pa chitsime padakhala mzere, ndipo sitibisa, anthu ena adang'ung'udza. Koma Lamulungu tchalitchi chathu cha m'mudzi chidadzaza mpaka kunja, ndipo tikumbukira mayi wina wa mwa alendowo, amene amuna ake adaphedwa ndipo nyumba yake idatenthedwa, kuti ndiye adali kuyambitsa nyimbo ndi mau okweza kuposa onse. Ife anyamata tidadabwa, tinkati, kodi mayiyu aimba chifukwa waiwala? Amayi athu adatidzudzula, nati: "Sadaiwale ai, aimba chifukwa watsala ndi Mulungu yekha, ndipo wampeza kuti ngwokwanira." Mau amenewa sitidawamvetse nthawi ija. Mtendere utasainidwa ku Rome m'chaka cha 1992, alendo aja adayamba kubwerera kwao, ndipo mayi uja sitidamuonenso.

Tidadzawamvetsa mauwo m'chaka cha 2002. Ambiri a inu mukumbukira njala ya chaka chimenecho, pamene chimanga chidakwera mtengo koposa mphamvu ya munthu wa m'mudzi, anthu nadya gaga ndi zitsa za nthochi, ena nathyola chimanga chosakhwima m'munda chifukwa cha kusapirira kwa mimba. Agogo athu adali kutisimbira za njala ya 1949, ife nkumayesa nthano. Chaka chimenecho tidaiona. M'kalasi mwathu ana adatsala owerengeka, ndipo amene adabwera adali kuodzera pansi. M'mwezi wa Febuluwale mwana wathu wamkazi wa zaka zitatu adadwala m'mimba, ndipo thupi lake, lofooka kale ndi kuchepa kwa chakudya, silidalimbe. Tidamuika m'manda mvula ikugwa.

Tivomereza pamaso panu, ngakhale nzochititsa manyazi kwa munthu wophunzitsa katekisimu, kuti tidaleka kupemphera. Korona tidampachika pa msomali. Lamulungu tidali kupita ku tchalitchi chifukwa cha maso a anthu, nkuima kumbuyo pafupi ndi chitseko, milomo yosatsegula. M'mtima tidali kuti: Ambuye, ana a anthu ena tidawaphunzitsa kukutchulani Atate, nanga wathu mwamtengeranji? Koma Akhristu a mumphakati wathu sadatisiye. Adalibe ufa woti atipatse, pakuti nawonso adali ndi njala. Gogo wina wamasiye adali kubwera madzulo ndi kamtolo ka nkhuni, nkutula pakhonde, nkukhala pansi. Ena nkutsatira, nayamba kupemphera korona. Sadatikakamize, sadatilalikire, ndipo sadatiuze kuti tileke kulira. Adapemphera m'malo mwathu masiku onse a Lenti, monga anthu asenzera mnzao katundu amene wamlaka pa chitunda.

Pa Lachisanu Loyera, tsiku la 29 Malichi, tidatsata Njira ya Mtanda pamodzi ndi anzathu, tikali ouma mtima. Titafika pamene akumbukira kuti mtembo wa Ambuye Yezu udatsitsidwa pa Mtanda ndi kuikidwa m'manja mwa Amayi ake, maondo athu adalefuka. Chithunzi chimenecho tidachionetsa kwa ana kawirikawiri, ndi kuwafotokozera ngati phunziro. Koma tsiku limenelo tidachiona koyamba. Tidazindikira kuti tidali kukangana ndi Mulungu ngati mfumu yokhala patali, yosadziwa za maliro, chonsecho m'nyumba mwake momwe mudagwa maliro a Mwana, ndipo Amayi Maria adamva kulemera kwa mtembo wa mwana monga tidakumva ife. Usiku wa Pasaka, pamene adayatsa moto watsopano panja pa tchalitchi, tidaimba pamodzi ndi anzathu, misozi ikutsika. Mwana sadabwerere, nkhokwe idali yopanda kanthu monga kale; koma m'mtima mudalowa chinthu chimene sitidziwa dzina lina lochitchula nalo koma chimwemwe. Sichidali chimwemwe cha phwando, chimene chitha mowa ukatha. Chidali kudziwa kuti sitili tokha, ndi kuti manda sali mau otsiriza a Mulungu pa mwana wathu.

Kuchokera pamenepo tidaphunzira zinthu zitatu zimene sukulu siphunzitsa. Choyamba, tidaphunzira kupemphera moona. Kale tidali kunena mapemphero oloweza pamtima monga mwana anena matebulo. Masautso adatiphunzitsa kulankhula ndi Mulungu ndi mau athuathu, ngakhale mau odandaula, pakuti mwana amene alirira atate ake akali kuwayesa atate. Chachiwiri, maso athu adatseguka pa zowawa za ena. Kale mwana akaodzera m'kalasi tidali kufuna chikoti. Lero tiyamba tamfunsa ngati wadya. Chachitatu, kunyada kwathu kudathyoka. Mphunzitsi m'mudzi aziyesa wopereka, anthu ena olandira. Koma ife tidalandira chikhulupiriro chathu kachiwiri kuchokera m'manja mwa gogo wosadziwa kulemba dzina lake. Akulu adanena zoona kuti mutu umodzi susenza denga.

Koma pano tichenjezane, kuti wina asachoke muno nakanene kuti aphunzitsi atamanda njala ndi imfa. Iyai. Masautso pa okha sali abwino, ndipo Mulungu sakondwera ndi misozi ya ana ake. Chisanu chomwecho chimene chikonzera pichesi maluwa chiwaula nyemba za m'dimba usiku umodzi. Taona anthu amene masautso adawaumitsa mtima: wina adathawira ku kachasu, wina adaloza chala nkhalamba yosalakwa naitcha mfiti, wina adasiya mkazi ndi ana. Kusiyana kwake kuli pa mizu, ndi pa anthu amene azinga wosautsidwayo. Munthu wosiyidwa yekha m'tsoka auma kawirikawiri. Wogwiridwa dzanja aphuka.

Ndiponso pali masautso amene adza ndi anthu, ndipo amenewo Mkhristu sayenera kungowapirira chete. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya Maepiskopi athu idawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse, yodandaula za umphawi, za kusowa chilungamo, ndi za mantha amene adatseka anthu pakamwa. Boma la nthawi ija lidaitcha kalata youkira, kusunga kalatayo kudasanduka mlandu, ndipo Maepiskopi adafunsidwa ndi apolisi. Tikumbukira mantha a masiku aja, komanso tikumbukira kuti anthu potuluka m'tchalitchi adayenda ngati atula katundu. Chaka chotsatira, 1993, anthu adaponya voti yosankha ulamuliro wa zipani zambiri. Mpingo umene udamanga zipatala ndi masukulu, nulankhula pamene kulankhula kudali koopsa, sungatiphunzitse kuuza wanjala kuti akondwere, ife nkhokwe titatseka. Mtanda umene sitingathe kuuchotsa tiusenze pamodzi. Koma umene tingathe kuuchotsa pa phewa la mnzathu, tiuchotse lero lomwe.

Masiku ano kwabwera aphunzitsi ena amene auza ana athu kuti wokhulupirira moona sadwala ndipo sasauka, ndi kuti wosauka asowa chikhulupiriro. Tiwafunse: kodi Amayi Maria adasowa chikhulupiriro patsinde pa Mtanda? Kodi Charles Lwanga ndi anzake a ku Uganda, ophunzitsidwa ndi ansembe a chipani chomwechi chimene chidamanga mishoni ino, adasowa chikhulupiriro pamene adatenthedwa ku Namugongo m'chaka cha 1886? Chiphunzitso chotere chikoma pamene dzuwa liwala, koma tsiku la maliro chisiya munthu ndi katundu wawiri: chisoni chake, ndi mlandu wakuti adalakwa ndi iye. Musalole kuti ana anu aziyesa otembereredwa chifukwa ali osauka.

Tsopano mau apadera kwa inu akatekisiti, anzathu a ntchito. Tidziwa kuti muyenda maulendo aatali m'chisanu, njinga itathyoka. Kuti mphotho yanu njochepa, ndipo munda wanu uchedwa kupaliridwa chifukwa cha maliro a ena. Kuti nthawi zina muliza belu nafika anthu asanu okha, ndipo mwana amene mudamkonzekeretsa zaka zambiri asiya mpingo osatsazika. Ena a inu mwanena kale m'mtima kuti chaka chino nchotsiriza. Kumbukirani ansembe a kwa Mponda, ndi zaka 48 zija. Kumbukirani aphunzitsi a nthawi ya mtengatenga, amene sadaone khamu ili, chonsecho khamuli ndi mbeu yao. Akulu adati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Ndipo mukafika pa nyumba ya wosautsidwa, musafulumire kutsegula buku. Yambani mwakhala pansi. Inunso Akhristu, musaiwale kuti katekisiti ali ndi mimba ndi ana. Mtumizireni nsengwa ya ufa, ndipo kampalireni munda wake tsiku limodzi.

Nanga mtsikana wathu uja timyankha chiyani? Mwana wathu, uli pano pakati pa anzako, ndipo tidziwa kuti atate ako sanabwerebe. Sitikuuza kuti zowawa zako nzazing'ono. Tikuuza kuti tikondwerera lero chifukwa kwa zaka zoposa zana, pa nkhondo, pa mliri, pa njala ndi pa mantha, Mulungu sadachoke pa phiri lino, ndipo nthawi zonse adautsa anthu ena oti akakhale pakhonde la wolira. Iwe uli mwana wa mpingo umenewo. Ndipo kuti mau athu asakhale mphepo chabe, tipempha mphakati uliwonse kuti mvula isanagwe ukhale pansi, uwerenge makomo a amasiye, a odwala, ndi a ana osiyidwa, nugawane ntchito ya kuwayendera, wina ndi ufa, wina ndi nkhuni, wina ndi khasu, wina ndi korona. Imeneyo ndiyo jubile imene idzakhala ng'oma zitaleka kulira.

Pomaliza, tikumbukire m'mapemphero athu onse amene agona m'manda a mishoni ino ndi m'manda a m'midzi yathu: ansembe ndi Masisiteri ochokera kutali amene sadaonenso kwao, aphunzitsi akale, makolo athu, ndi ana athu amene adatitsogolera. Mulungu awapatse mpumulo wosatha, ndipo ife otsala atilimbitse mtima, kuti chisanu chikadzabweranso, pakuti chidzabwera ndithu, chidzatipeze tili pamodzi.